Tsiku Limene Njati Anakhala Pansi

Padangokhala. Vomerani msanga kuti tili tonse, chifukwa amene savomera ndi yemwe amadzafunsa za kuchiyambi nkhani ili kumapeto.

Nyama za m'nkhalango ya Chamatowo zinachita chisankho, ndipo zinasankha aphungu atsopano okhaokha, poti akale aja anali atanenepa mpaka kulephera kukwera chulu chochitirapo misonkhano. Mwa atsopanowo munali Gologolo, phungu wa dera la Padoko, kumalire, pomwe nyama zimaolokera mtsinje. Ndisakunamizeni, Gologolo sanapambane chifukwa cha khalidwe, anapambana chifukwa cha pakamwa. Analonjeza mbewa kuti adzaletsa akadzidzi kuuluka, analonjezanso akadzidzi kuti adzaletsa mbewa kukumba mauna akuya, ndipo onsewo anamuvotera.

Asanayambe ntchito, aphunguwo anaitanidwa ku maphunziro a masiku atatu kuti akadziwe za chitetezo. Wowaphunzitsa anali Kakowa, kazembe wa Mgwirizano wa Nkhalango Zitatu, mkulu wovala zoyera mbee, woyenda ngati akuopa kuponda dothi.

"Olemekezeka," anatero Kakowa, "nkhalango za Chamatowo, Chamasuku ndi Chamateme zinapangana kuti woputa imodzi waputa zonse. Ng'oma ya nkhondo ikalira kuno, njovu za ku Chamasuku ndi mikango ya ku Chamateme zimabwera osafunsa kuti kwagwanji. N'chifukwa chake kufunsako kuyenera kuchitika ng'oma isanalire. Ng'omayo imasungidwa ndi asilikali, koma ndodo yoombera imasungidwa ndi inu aphungu. Asilikali akaifuna, muzifunsa, muzikaona ndi maso anu, kenako muzigamula. Ndipo mumvetse ichi: pangano limateteza woputidwa ali pakhomo pake. Wokaputa dala kwa eni adzionere yekha. Pali funso?"

Funso linalipo. Phungu Nkhwali anafunsa ngati mtedza umene unali m'lichero unali wa onse kapena wa okhala kutsogolo okha. Gologolo sanafunse kanthu, masaya ake anali atadzaza kale.

Ali mkati mokukuta, anatulukira Njati, mkulu wa asilikali. Dzuwa linali kuswa mtengo, koma iye anavala chikhoto chachitali chofika kuziboda. Kakowa, poti anali bwenzi lake lakalekale, anauluka kuti akatere pamsana pake monga mwa nthawi zonse, koma Njati anazinda.

"Osatera pamenepo! Nkhani za chitetezo."

Anampatsa mpando, iye anakana. Anaima chilili pamaso pa aphungu n'kuponya pansi minga itatu ya nungu.

"Mivi ya adani iyi," anatero. "Anungu a kutsidya atiukira, ndipo alasa msilikali wathu. Mkuja mundipatse ndodo ndiitane abale athu a mumgwirizano. Njira yodzera njovu taikonza kale. Mitengo yoti igwe taipaka makala, kuyambira mkuyu waukulu uja wa Padoko."

Gologolo anatsamwa ndi mtedza. Mumkuyu umenewo ndimo munali nyumba yake, ndipo mkazi wake anali m'chikuta ndi ana atatu obadwa dzana lomwe, osatsegula n'komwe maso. Mayi wa m'chikuta satuluka michombo ya ana isanagwe, ndipo ngakhale akanati aphwanye mwambo, tiana totero akanatinyamula bwanji kutsika mumtengo? Gologolo anachita mantha enieni. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gologolo, phungu amene anangodzera mtedza uja, anaimika mchira.

"Zikomo a Sipikala, ndili ndi funso."

Sipikala wa nyumba ya malamuloyo anali Ng'azi, nkhalamba yokonda kuothera dzuwa, imene inkadana ndi nkhani za ng'oma pa zifukwa zokhudza zikopa za abale ake. Inatsegula diso limodzi n'kuvomera.

"Bwana mkulu wa asilikali," anatero Gologolo, "adaniwo analipo angati?"

"Chinsinsi."

"Nanga wolasidwayo ndani?"

"Chinsinsi chachikulu."

"Anamulasa pati?"

Njati anafwenthera mpweya m'mphuno, n'kuyambitsa nyimbo ya asilikali. Inali nyimbo yogubira, yonena kuti za nkhondo n'za a nyanga, ndipo opanda nyanga ntchito yawo n'kuomba m'manja. Pothera pake onse ankaponda pansi kawiri. Kukoma kwake nyimboyo! Aphungu anaiwala kuti akutukwanidwa, anavomera ndi mawu onse, anaomba m'manja, anaponda pansi kawiri. Ngakhale mchira wa Gologolo unavinako pang'ono mwini wake asakufuna. Tsiku loyamba linathera pomwepo.

M'mawa mwake Gologolo analawirira ndi pempho.

"A Sipikala, a kazembe anatiphunzitsa dzulo kuti tizikaona ndi maso. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tiyeni tikazonde m'bale wathu wolasidwayo, timupatseko ndi mtedza."

Njati anafuna kukana, koma Kakowa anali pomwepo, khosi lili njoo, kumvetsera. Basi onse anapita kumsasa wa asilikali. Kumeneko anawaonetsa Njiri, atagona chammbali, mwendo utakulungidwa ndi masamba ndi luzi, akubuula ngati mawa safika.

"Pepani, pepani achimwene," anatero Gologolo. "Kudya mukudya?"

"Ayi, bwana phungu, pakhosi sipakudutsa kanthu."

"Kalanga ine! Ndiye nkhuyu zakupsa ndakutengeranizi ndingotaya."

Anaziponya chapatali. Zisanagwe n'komwe, wodwala uja anali atadzambatuka, mchira uli m'mwamba, liwiro la mtondo wadooka. Masamba aja anayoyoka m'njira, mwendo unaoneka wosalala, wopanda ndi chipsera chomwe.

"Mankhwala athu a kuusilikali ndi amphamvu," anatero Njati.

"Zoonadi, bwana, taona ndi maso. Nanga anamulasira kuti?"

Njati anayambitsanso nyimbo ija, yonena za a nyanga ndi opanda nyanga. Asilikali anavomera, aphungu anaomba m'manja, onse anaponda pansi kawiri. Koma ulendo uno Gologolo sanavine. Anakwera panthambi, ndipo ali pamwambapo anaona zinthu ziwiri. Nyimbo itatha asilikali onse anakhala pansi kupuma, koma mkulu wawo anatsala chilili, thukuta lili kamukamu m'chikhoto. Ndipo kuseri kwa nyanga yake ya kumanzere kunali kutakola kamtsitsi ka kholowa wofota. Ku Chamatowo kunalibe wolima mbatata ndi mmodzi yemwe. Mbatata inkalimidwa kutsidya.

Masana omwewo anzake akugona tulo ta mtedza, Gologolo analumpha nthambi ndi nthambi mpaka anaoloka mtsinje. Sanapeze gulu la nkhondo. Anapeza mayi mmodzi wa Nungu akuunda mizere yophwasuka, akung'ung'udza yekha, pamsana pake pali dazi lalikulu ngati mbale.

"Odi, mayi! Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwanji? Taonani msana wangawu, ndiye mufunsenso."

"Chachitika n'chiyani, mayi?"

"Ndinagona ine masana m'munda mwanga muno, pamthunzi wa kholowa wanga. Kunabwera chimunthu cha kwanuko, chinafukula mbatata zanga ndi nyanga, chinadya, chinakhuta. Chitakhuta chinati chikhale pansi chipume. Malo onsewa osawaona, chinadzakhala pa ine!"

"Pa inu?"

"Pa ine ndithu! Kulira kwake, mbalame zonse zinathawa. Minga yanga yapita nacho, ndipo sichinabwere kudzapepesa. Inuyo ndinu ndani?"

"Wodutsa chabe, mayi. Pepani kwambiri."

Pochoka Gologolo anatola kambatata kamodzi konona, akuti kakhale umboni. Umboniwo anakaubisa pamphanda ya mtengo, ndipo mudzaona nokha ngati unafika kubwalo.

Ali m'njira anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa, koma atafika pamkuyu wake n'kuona chizindikiro cha makala chija, kuseka kunatha. Anamva tiana take tikulira mkati. Anadziwa kuti akakanena poyera zomwe wamva, Njati adzangofunsa kuti wazimva kwa yani, ndipo phungu wokacheza ndi adani dzina lake ndi kazitape. Anapita kwa Kakowa kukamunong'oneza.

"A kazembe, kodi bwenzi lanu lija mwaliona litakhala pansi chibwerereni?"

"Olemekezeka," anatero Kakowa, "kazembe saona zakumbuyo kwa mnzake pokhapokha zitaonekera zokha. Ndiponso ine ndilibe voti. Ndodo ili m'manja mwanu, ng'oma ikalira njovu zibwera."

"Zitaonekera zokha, mwatero?"

"Ndatero."

Tsiku lachitatu nyumba inadzaza. Ndodo yoombera ng'oma inali patsogolo pa Sipikala, ndipo Njati anaima pafupi nayo, maso ali pa iyo ngati galu woyang'ana fupa. Aphungu ambiri anali atagamula kale mumtima kuti aipereke, chifukwa nkhondoyo inali yokachitikira Padoko, kutali ndi kwawo. Gologolo anaimika mchira, ndipo Njati anakonzeka kuyambitsa nyimbo.

"A Sipikala," anatero Gologolo, "lero ndilibe funso. Ndaimirira kupepesa. Masiku awiri ndakhala ndikuvutitsa ngwazi yathu ndi mafunso achibwana. Ine ndine ndani? Nyanga ndilibe, ndi fungo la nkhondo lomwe sindilidziwa. Ndikupempha kuti ndodo iperekedwe, ndipo ndiipereke ndine, mwini dera la Padoko."

Nyumba yonse inaomba m'manja. Njati anamwetulira koyamba chibwerereni.

"Koma tiipereke mwaulemu wake," anapitiriza Gologolo. "Kwathu kuno chinthu cha akulu sichilandiridwa chilili ngati ukulanda. Wolandira amakhala pansi pamphasa, amatambasula miyendo, n'kulandira ndi manja awiri. Kapena ndanama, a Sipikala?"

Ng'azi anatsegula maso onse awiri. "Simunaname. Ndiponso ndimati ndinene, akuluwa atiimirira masiku atatu ngati tili ana awo."

"Eetu!" anatero Nkhwali. "Atiimirira!"

Gologolo anayala mphasa, n'kuikuntha bwinobwino ndi mchira. "Khalani, bwana."

"Msilikali sakhala pansi adani ali pafupi," anatero Njati.

"Asilikali anu dzulo anakhala, bwana, ena mpaka anagona chagada. Khalani."

"Mphasayi yandichepera."

"Tengani zina zitatu!" Anabwera nazo, anazilumikiza. "Khalani, bwana."

Njati anayang'ana ndodo, anayang'ana mphasa. "Chabwino, ndigwada."

"Aa, bwana! Kugwada n'kwa opepesa. Inu mwalakwa chiyani?"

Pamenepo Gologolo anayambitsa nyimbo. Maimbidwe ake anali omwe aja a asilikali, koma mawu anali ena. Inkatamanda ngwazi imene miyendo yake yatopa ndi kulondera dziko, n'kuidandaulira kuti ipumeko pamphasa ya abale ake. Ndipo pothera paja, m'malo moponda pansi kawiri, woimba aliyense ankadzigwetsa pansi ndi matako, phi! Aphungu anaikonda kuposa yoyamba ija. Anaimba, phi! Anadzuka, anaimbanso, phi! Asilikali nawo, poti nyimbo inali yotamanda bwana wawo, analowerera, phi! Pabwalo ponse wotsala chilili anali mmodzi yekha, ndipo maso onse anali pa iye.

Njati anaona kuti akapanda kukhala, ndodo saiona. Anaganiza kuti akatsika pang'onopang'ono, mwina apirira. Anapinda miyendo, anatsika, anatsika, mano ali gwa. Koma thupi la njati si la gologolo, likayamba kutsika silimva za pang'onopang'ono.

Phi!

Kulira kumene analira Njati tsiku limenelo, ena amati ku Chamasuku njovu zinayamba kumanga katundu poyesa kuti ndi ng'oma. Analumpha m'mwamba, mphasa imodzi itamumatirira kumbuyo, chikhoto chinang'ambika pakati, ndipo chinsinsi chachikulu cha dziko chinaonekera chokha: minga ya nungu ili yangayanga, yolowa chowongoka kuchokera pansi.

Kenako Nkhwali anaphulika ndi phwete, ndipo nyumba yonse inagwa nacho chiseko. Sipikala anamenya mchira pansi kuti kukhale bata, koma nayenso misozi inali kutsika.

Kakowa anazungulira kumbuyo kwa bwenzi lake mwaulemu wonse, anapendeketsa mutu, anayang'anitsitsa.

"Olemekezeka, poti zaonekera zokha, ndinenepo. Mivi iyi sinaponyedwe. Inakhaliridwa."

"Ndizuleni!" analira Njati. "Kakowa mnzanga, ndizule!"

"A Sipikala," anatero Gologolo, "mlomo wa a kazembe ndi wautali, ntchitoyi aitha. Koma nyumba ino ili ndi mafunso amene sanayankhidwe. Ndikupempha kuti tizichita funso limodzi, munga umodzi."

Nyumba inavomera ndi mawu amodzi.

"Bwana, adani analipo angati?"

"Mmodzi!"

Kakowa anazula, tsomphu!

"Msilikali?"

"Mayi! Mayi wolima!"

Tsomphu!

"Ankatani?"

"Anali m'tulo!"

"Kuti? Kuno kwathu?"

Njati anazengereza. Kakowa anatseka mlomo n'kuyang'ana kumwamba.

"Kutsidya! M'munda mwake!"

"Inu mumakatani m'munda mwa eni?"

"Mbatata," anatero Njati ndi mawu aang'ono ngati a mbewa.

Apa aphungu ena nawo anazindikira kuti kufunsa n'kokoma kuposa mtedza. Chule anafunsa kuti ndani analamula Njiri kudzikulunga masamba. Mbawala anafunsa kuti ana a eni angati akanafera kutsidya chifukwa cha matako a munthu mmodzi, ndipo pa funso limenelo palibe anaseka. Nkhwali, yemwe uja wa mtedza, anafunsa kuti njovu zikanabwera n'kupeza kuti zanamizidwa, tsiku lodzabwera adani enieni zikanadzabweranso? Minga inatha mafunso asanathe, ndipo Njati anayankha otsalawo mwaulere.

Pogamula, nyumba inati ndodo ikhale pomwe ili. Njati sanamuchotse paudindo, chifukwa pa nkhondo yeniyeni analidi wolimba mtima, koma anamulamula kuti akapepese kwa mayi Nungu atagwada, akaundenso mizere yonse imene anaphwasula. Anaikanso lamulo lakuti mwezi uliwonse ukaoneka, mkulu wa asilikali azibwera pamaso pa aphungu, azikhala pansi, aziyankha. Kuyambira pamenepo Kakowa sachoka kumbuyo kwa Njati. Anthu amati amafuna nkhupakupa, koma ife tikudziwa chimene amayang'ana.

Gologolo sanadikire kuti amuyamikire. Anathamanga ulendo umodzi mpaka Padoko, anadzera pamphanda paja kutenga umboni wake, n'kukafika pamkuyu. Chizindikiro cha makala chinali chikadalipo. Anachipukuta ndi mchira, anapukuta, anapukuta mpaka khungwa linayera, ndipo makala amenewo sanachoke kumchira kwake mpaka lero. Atasuzumira pakhomo anapeza kamwana kamodzi katatsegula maso, kakumuyang'ana. Phungu wa pakamwa uja misozi inalengeza m'maso, chifukwa anadziwa kuti pakanapanda mphasa ija, mawa lake nyumbayo ikanakhala pansi pa mapazi a njovu.

Atapukuta misozi, anayamba kudzitama ali pakhomo pomwepo, poti m'chikuta mwamuna salowa. Anasimba zonse, anaimbako ndi nyimbo ija, anafotokoza za lamulo latsopano lakuti wamkulu aliyense azikhala pansi n'kuyankha.

"Lamulo labwino," anatero mkazi wake ali mkati.

"Ndi langa limenelo, mayi a ana. Ndakutengeraninso kambatata aka, mudye mupeze mphamvu."

Mkaziyo anakatembenuza kambatatako, anakanunkhiza.

"Bambo a ana, kuno kwathu mbatata amalima ndani?"

"Aa, imeneyo ndi nkhani ya chitetezo."

"Khalani pansi."

Gologolo anakhala, mchira uli khoba, manja awiri ali pachifuwa, monga momwe mumamuonera akhalira panthambi mpaka lero. M'mawa mwake Njati akuunda mizere kutsidya, pambali pake panali phungu wa Padoko ndi kakhasu kake, onse awiri osayang'anana.

Yathera pompa. Mbatata ija kaphuleni isanapserere, koma musanaibenthule, muyambe mwafunsa kuti inakumbidwa m'munda mwa yani.